Mzere wa Choko Patsogolo pa Thanki ya a Mchere

Mumsewu monse ankawatcha a Mchere, ndipo dzinalo linawakakamira moti ngakhale wowerenga mita ya magetsi ankangofunsa kuti, "Kwa a Mchere ndi pati?" Choseketsa n'chakuti eni dzinawo mchere sankaudya. Adokotala anawaletsa kalekale chifukwa cha kuthamanga kwa magazi, choncho ndiwo zawo zinkaphikidwa m'kapoto kapadera, zozizira. Koma kuseri kwa chitseko cha pabalaza kunkakhala chidebe cha mchere choti munthu mmodzi sanganyamule, ndipo akazi awo sankaloledwa kutapako ngakhale pang'ono. Mcherewo unali wa nsomba.

Bambowa anagwira ntchito zaka makumi atatu ndi chimodzi kumalo oyeretsera madzi akumwa a mumzinda. Ankakhala m'kachipinda koyera, atavala khoti loyera, akudontheza mankhwala m'timabotolo ta madzi n'kumayang'ana mtundu wake. Madzi akatuluka bwino pampopi palibe ankawathokoza, koma akanunkha tsiku limodzi lokha aliyense ankadziwa nyumba yawo. Atapuma pantchito, anzawo ena anayamba kuweta nkhuku, ena anatsegula timagolosale. Iwo anabwera ndi thanki yagalasi yotalika ngati bedi la munthu mmodzi, n'kuiika pabalaza pamene pankakhala mpando wawo wabwino.

"Mukufuna kuweta nsomba?" anafunsa akazi awo.

"Nsomba aliyense angawete, amayi. Ine ndikufuna kuweta nyanja yamchere."

Akazi awowo ankasoka zovala m'chipinda chakutsogolo, ndipo makasitomala ndi aneba omwe ankangowatcha Atelala. Sanali munthu wa mawu ambiri, mwina chifukwa nthawi zambiri pakamwa pawo pankakhala mapini. Koma diso lawo linali lakuthwa. Ukawabweretsera kachidutswa ka nsalu yofiira, ankatsegula kabati ya ulusi, n'kuyang'ana kamodzi kokha, n'kutola umodzi pakati pa yofiira khumi ndi iwiri imene kwa iwe ndi ine ndi yofanana yonse.

M'thankimo munali tinsomba tiwiri tamizeremizere, nkhono zingapo zonyambita galasi, kapampu kong'ung'udza kosapuma, ndi nyale yabuluu pamwamba. Koma zonsezi zinali zoperekeza. Mwini thanki anali korali. Ngati simunamuonepo, korali ukamuyang'ana ungati ndi kamtengo kouma kopanda masamba, ukamukhudza ungati ndi mwala, koma ndi wamoyo: amadya, amakula, amanyanyala. A Mchere anamupeza ali kachidutswa kongofanana ndi chala chaching'ono, mwini shopu ya nsomba akufuna kukataya chifukwa kanali katatsala pang'ono kufa. Patapita zaka khumi ndi chimodzi kachidutswa kaja kanali katatambalala ngati beseni lochapira, nthambi zofiirira, nsonga zonse zapepo. Ankamutcha Abwana, chifukwa kuyambira pamene anasiya ntchito ndi yekhayo ankawalamula, ndipo ankamupatsa ulemu wonse wa bwana.

Ndipo Abwana ankalamuladi. Madzi asatenthe, asazizire. Mchere usachuluke, usachepe. Madzi akatsika chifukwa cha kutentha uwonjezere opanda mchere, popeza madzi amauluka koma mchere umatsala. Magetsi akazima masana, a Mchere ankaimirira ndi jagi, kutunga n'kuthira, kutunga n'kuthira, kuti madzi asagone, mpaka mkono kuchita dzanzi. Kuukwati wa mwana wa achimwene awo anangoonekera pa chithunzi choyamba, chachiwiri anali atabwerera kale kunyumba.

Loweruka lililonse m'mawa linali tsiku loyeza, pakatebulo ka pambali pa thanki. Zoyeza zinali zingapo, koma chachikulu chinali cha madontho. Ankatunga madzi m'kabotolo, n'kumadonthezamo mankhwala limodzilimodzi. Dontho loyamba linkasandutsa madzi kukhala abuluu, ndiye ankawerenga mpaka buluuyo atasanduka chikasu. Akasanduka pa dontho la eyiti, zonse zili bwino. Akasanduka msanga, ndiye kuti madzi akusowa soda, amene korali amamangira nthambi zake, ndipo ankawonjezera kasupuni. Zaka zonsezi m'kope mwawo munali eyiti, eyiti, eyiti, mpaka tsamba kutha. Kopelo ankalionetsa alendo ngati mmene ena amaonetsera zithunzi za adzukulu.

Nkhani ya mzere inayamba chaka chachiwiri cha thankiyo. Atelala akupukuta fumbi, ndolo yawo inagweramo. Anapisa dzanja kuitola, dzanjalo atalidzola mafuta onunkhira. Kutacha, kankhanu kofiira kamene kankakhala pansi pa mwala kanapezeka miyendo ili m'mwamba. A Mchere sanakalipe. Analowa m'chipinda chosokera, anatenga choko cholembera nsalu, anagwada, n'kujambula mzere pasimenti sitepe imodzi kuchoka pathanki.

"Kuyambira lero malire ndi awa."

"Chabwino," anatero Atelala.

Amene anakhalapo pabanja amadziwa kuti pali chabwino wina woopsa kuposa kutukwana. Atelala sanadumphenso mzere uja. Akakolopa n'kuufufuta, ankagwada okha n'kuujambulanso ndi rula yawo yodulira nsalu, wowongoka kuposa wa eni ake. Mkati mwa mzere a Mchere ankakolopamo okha, ndipo ankakolopa moipa.

Munthu yekhayo amene ankaseka zimenezi poyera anali mlamu wawo, mchimwene wamng'ono wa Atelala, woyendetsa galimoto yogawa buledi m'mashopu. Cha m'ma teni ankaimika galimoto pageti kudzamwa tiyi wa achemwali ake.

"Achemwali, akazi anzanu adzuka bwanji lero?" ankatero akuloza thanki ndi mlomo. Kenako kwa a Mchere: "Alamu, tinsombati tidzakula liti? Mafuta okazingira ndimayenda nawo m'galimotomu."

"Iwe ukadzafa, m'mimba mwako adzapezamo matayala," ankayankha a Mchere, ndipo tiyi ankapitirira.

Vuto linabwera mwakachetechete, ndipo linabwerera m'maso. Poyamba a Mchere anati anthu osindikiza nyuzipepala ayamba kuumira inki. Kenako anati makatani akuda, achapidwe. Magalasi awo ankawapukuta kasanu pa tsiku, mpaka kumawauzira mpweya ngati akuzizira. Tsiku lina anapita kumsika atavala sokosi yakuda mwendo uno, yakhofi mwendo uwo. Zinthu zonse zinayamba kuoneka ngati akuzionera m'kapu ya tiyi wopanda mkaka. Mumtima ankadziwa kuti ndi ng'ala, popeza bambo awo inawagwiranso pamsinkhu womwewo, koma sanauze munthu. Ankaopa mpeni wa dokotala pafupi ndi diso, n'zoona. Koma chimene ankaopa kwambiri chinali china: munthu amene anadyetsa banja ndi diso, amene mzinda wonse unamwa madzi chifukwa iye anati ali bwino, akanena kuti sakuona, watsala ndani?

Ndiye Loweruka lina madzi anasanduka pa dontho la sikisi. A Mchere anakanda mutu, anawonjezera kasupuni ka soda. Loweruka lotsatira, sikisi. Anawonjezera tisupuni tiwiri. Linalo, faifi. Anati Abwana akula, akudya kwambiri, ndipo ananena monyadira. Anawonjezeranso.

Anayamba kuona ndi mlamu uja, kapu ya tiyi ili m'manja.

"Alamu, Abwana anu amera imvi."

"Imvi zili m'mutu mwakomo."

"Ayi ndithu, taonani nsongazo. Zayera mbee!"

A Mchere anatenga galasi lokulitsira zinthu, n'kugunditsa mphuno pathanki. Zinali zoona. Korali akayera ndiye kuti mnofu wake ukusupuka, kukutsala fupa, ndipo kuyerako kukatsika mpaka patsinde, basi, watha. Anakhala pansi pamene panalibe mpando, mwamwayi mlamu anakankhirapo kampando.

Madzulo a tsikulo anaitanitsa msonkhano wa anthu atatu, iwo ali wapampando, wofunsa mafunso ndi woweruza. Ndani wapopera mankhwala a udzudzu? Ndani wakazinga anyezi chitseko chili chotsegula? Nanga nyenyeswa za buledi sizikuuluka? Malamulo anatuluka motsatizana. Kusita pabalaza kunaletsedwa. Mafuta onunkhira anasamukira kubafa. Mlamu anauzidwa kuti tiyi azimwera pakhonde, ndipo ankamwera pomwepo atasuzumira pawindo ngati mwana wothamangitsidwa m'kalasi. A Mchere anasintha nyale, anatsuka kapampu, anakangana ndi aneba amene ankapenta mpanda wawo. Aliyense mumsewumo anali ndi mlandu kupatula munthu mmodzi.

Kuyera kuja kunapitirira kutsika. Sabata iliyonse kunkadya kachigawo kotalika ngati chikhadabo. A Mchere anasiya kuonetsa alendo kope. Ndiwo zawo zozizira zija zinkabwerera kukhitchini mmene zinabwerera. Ankakhala pakampando m'mawa wonse akuyang'ana chinthu chimene sankachiona bwino, ndipo anali ndi chisoni chenicheni, chifukwa pa zinthu zonse zimene anagwira pa moyo wawo, ichi chokha ndi chimene chinakula iwo akuchiona. Madzi a mzinda aja ankangopita m'mapaipi osabwerera kudzawauza kuti zinatha bwanji.

Loweruka la sabata yachisanu anakhala pakatebulo kuyeza, akuwerenga mokweza monga mwa chizolowezi. Atelala ankadutsa ndi nsalu pamkono.

"Wani. Thuu. Firii. Folo." Anakweza kabotolo. "Folo! Asanduka kale." Dzanja linapita pachitini cha soda, ndipo ulendo uno anatenga supuni yaikulu.

Atelala anaima. Anachotsa mapini pakamwa limodzilimodzi, n'kuwabaya pakolala.

"Bambo, amenewo mukuti achikasu?"

"Nanga ndi otani?"

"Ndi abuluu. Buluu wa yunifolomu ya ana a sukulu."

"Amayi, ine ndayeza madzi zaka makumi anayi. Inu mumasoka masiketi."

"Ndimasokadi. Koma ndikasoka siketi yabuluu ndi ulusi wachikasu, mwini wake amandibwezera."

Nthawi yomweyo galimoto ya buledi inaima pageti. A Mchere anakuwa kuti, "Mlamu, lowa! Lamulo laimitsidwa kaye." Anamuonetsa kabotolo. "Tauza achemwali akowa, madziwa ndi amtundu wanji?"

Mlamu anayang'ana kabotolo, anayang'ana alamu ake, anayang'ana achemwali ake amene amamupatsa tiyi.

"Ine musandiike pakati. Ndimadziwa mitundu itatu basi, ya pamsewu. Yofiira ima, yobiriwira pita, yachikasu thamanga asanakuone."

Atelala sanaseke. Analowa m'chipinda chosokera n'kubwera ndi timipukutu tiwiri ta ulusi. Anaima pamalo awo a masiku onse, sitepe imodzi kuchoka pathanki, n'kutambasula mkono.

"Uti wachikasu apa?"

A Mchere anayang'anitsitsa. Anavula magalasi, anapukuta, anavalanso. Analoza wa kumanja, molimba mtima ngati akusaina lipoti.

Atelala anatsitsa mkono.

"Yonse ndi yabuluu, bambo," anatero Atelala motsitsa. "Uwu wowala, uwu wakuda pang'ono. Wachikasu sindinabwere nawo."

Mlamu anayamba kuyang'ana kudenga ngati pali china chofunika kumeneko. A Mchere anabweza supuni m'chitini pang'onopang'ono. Anali munthu wa ntchito yake, ndipo mutu wawo unamaliza masamu asanafune: ngati buluu akuwaonekera chikasu, ndiye kuti akhala akusiya kuwerenga madzi asanasanduke. Soda sankachepa. Sabata ndi sabata akhala akuwotcha Abwana ndi dzanja lawo lomwe, kwinaku akuthamangitsa anthu pabalaza. Manyazi anawagwira.

"Amayi," anatero, "tabwerani kuno mudzandiwerengere."

"Nanga mzere?"

A Mchere anaimirira. Anayang'ana pansi, anasankha malo, n'kuyamba kukhutiza silipasi pasimenti, kupita uku, kubwerera uku, mwamphamvu ngati akupha nyerere.

"Ndafufuta. Dutsani."

Mlamu anayang'ana pasimenti. Kukamwa kunayamba kutseguka kuti aseke, koma ataona nkhope ya achemwali ake anatseka.

"Palibe mzere pamenepo, bambo," anatero Atelala. "Ndinaukolopa chaka chatha. Tsikulo choko chinali chitatha, ndinati ndijambula mawa. Mawa lake ndinati ndione kaye ngati mufunse. Simunafunse. Patatha sabata munandikalipira kuti tsache langa ladumpha mzere."

A Mchere anayang'ananso pansi, silipasi ikadali pamalo pamene ankafufutapo.

"Chaka chathunthu? Bwanji osandiuza?"

"Ndinakuuzani za sokosi, munati ndi fashoni. Ndinakuuzani za chipatala, munati makatani."

"Nanga poti mzere kunalibe, bwanji simunkadutsa?"

"Munati ndisadutse."

Mlamu anatsokomola, anati akukaona ngati buledi sakuba, n'kutuluka.

Atelala anakasamba m'manja katatu, opanda sopo, monga mmene anawamvera amuna awo akudzilamula okha zaka zonsezi. Atabwerera anaima pang'ono pamalo akale aja, kenako anaponda sitepe imodzi. Anatunga madzi atsopano m'kabotolo mpaka pakamzere kake koyezera, osauzidwa. Anagwira botolo la mankhwala chozondotsa, mowongoka, osauzidwanso. Zaka zisanu ndi zinayi zoonerera patali anali ataphunzira zonse.

Anawerenga. Pa eyiti a Mchere anati, "Apo?" Atelala anapukusa mutu. Pa teni anafunsanso. Pa thwelofu sanafunse, anangogwira m'mutu.

"Fotini," anatero Atelala. "Apa ndiye chikasu. Cha nthochi yakupsa."

A Mchere anatsegula kope, anagwira cholembera, koma timizere ta m'tsambamo tinkasakanikirana. Anakankhira kopelo kwa akazi awo. Pansi pa mizere yaitali ya manambala opendekeka a bambowo panalowa fotini wozungulira bwino, wa munthu wozolowera kulemba miyezo ya ziuno.

Madzi oterowo sasinthidwa tsiku limodzi, chifukwa korali amadana ndi changu kuposa mmene amadanira ndi soda. Ankachotsa ndowa imodzi m'mawa uliwonse n'kuthiramo yatsopano. A Mchere ankasakaniza mchere, Atelala ankawerenga, mlamu ankanyamula ndowa akudandaula kuti anabwerera tiyi, osati ganyu. Fotini anatsika kukhala thwelofu, kenako teni, kenako naini. Nthambi ziwiri zinafa ndithu, ndipo a Mchere anazidula okha ndi kapulayala, Atelala akuwalozera pogwira. Za nthambi zinazo palibe ankadziwa. Bambowo ankafunsa katatu pa tsiku ngati kuyera kwaima, ndipo yankho linali lomwelo, loti sizikuoneka bwino, tidikire.

Lachiwiri la sabata yachinayi linali tsiku lokaonana ndi dokotala wa maso. A Mchere anavala jekete ndi sokosi zimene Atelala anachita kuwasankhira, n'kukhala pakampando kudikira galimoto ya buledi, popeza mlamu analonjeza kuwatula pachipatala pakati pa mashopu awiri. Pofuna kubisa mantha anayamba kupereka malangizo: nyale izimitsidwe nthawi yakuti, tinsomba tisapatsidwe chakudya chambiri ngakhale titapempha, magetsi akazima jagi ili apo.

Atelala sankamvetsera. Anali atawerama, mphuno pafupi ndi galasi.

"Bambo."

"Chiyani? Kwatsikanso?"

"Ayi. Pansonga ya nthambi ya kumanzereyi pabwerera mtundu. Pang'ono, ngati mutu wa pini. Ndi iyi inanso."

A Mchere anadzuka mofulumira mpaka kampando kanagwa. Anagunditsa nkhope pagalasi, anatsinzina diso limodzi, anatsinzina linalo. Anangoona nthambi zotuwa m'madzi otuwa.

"Sindikuona," anatero, ndipo kanali koyamba kunena mawuwo mokweza. "Ndi mtundu wanji?"

"Wapepo."

"Apepo alipo ambiri. Inu nomwe mumatero."

Atelala anaganiza pang'ono.

"Mukukumbukira diresi lija ndinavala tsiku limene munabwera kudzatenga khoti lanu loyera, nditalisokerera thumba? Tsiku limene munaima pakhomo ola lathunthu mukundifotokozera za majeremusi a m'madzi?"

A Mchere anatsamiritsa chipumi pagalasi. Ankalikumbukira. Ankaliona bwinobwino, mabatani ake omwe, kuposa chilichonse chimene anaona chaka chonsecho.

"Mpendero wake unali wokhota," anatero.

"Ndinali ndikuphunzira kumene."

"Ndiye ndi umenewo?"

"Womwewo ndendende."

Panja galimoto ya buledi inaliza hutala kawiri. A Mchere sanasunthe. Anafufuza ndi dzanja pambali mpaka anapeza mkono wa akazi awo, n'kuugwira.

"Musiyeni adikire," anatero. "Tandiuzani za nthambi inayo."